Makala Amayeretsa Madzi, Koma Nawonso Amakhuta

Chiyambire pa 18 Febuluwale 2025, nkhani ya madzi sichoka pakamwa pa alimi a kuno ku Copperbelt. Pa tsikulo khoma la damu limene kampani ya Sino-Metals Leach Zambia inkasungiramo zotsalira za mgodi ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi, onyamula zitsulo zosungunuka, anatsikira mumtsinje wa Mwambashi mpaka kukalowa mu Kafue. Poyamba kunalengezedwa kuti anatayika malita pafupifupi 50 miliyoni. Pambuyo pake kampani ya Drizit, imene inapatsidwa ntchito yofufuza kukula kwa ngoziyo, inati zotayikazo zinali zochuluka kutalitali, koma eni mgodi anatsutsa mawuwo. Pamene akuluakulu ankakangana za ziwerengero, mlimi anali ataona kale ndi maso ake: nsomba zitayandama, chimanga cha m'mbali mwa mtsinje chitapserera, mipopi ya mu Kitwe itauma chifukwa kampani ya Nkana Water inasiya kupopa, ndiponso ndege za asilikali zikuwaza laimu pamadzi. A ku Chingola anakumbukira za 2006, pamene zotayika za Konkola Copper Mines zinadetsa mtsinje wa Mushishima ndi Kafue yemweyu, ndipo a ku Mufulira anakumbukira Januwale wa 2008, pamene asidi analowa m'madzi a m'mipopi, anthu mazanamazana n'kuthamangira kuchipatala.

Tsono ambiri a inu, amene muli m'maphunziro ndi amene munabwerera kale kuminda yanu, mwakhala mukutifunsa ngati makala, zitsononkho zootcha, njere za chammwamba ndi zina zotere zingapulumutse madzi a pakhomo ndi a kudimba. Yankho lathu ndi lakuti zinthuzi zimagwiradi ntchito, si nthano ayi. Komatu chilichonse chili ndi zoipa zimene chimagwira ndi zina zimene chimazilekerera kudutsa, ndiponso chilichonse chimakhuta. Amene sadziwa malire amenewa akhoza kumwetsa ana ake poizoni m'madzi oyera mbee, mtima wake uli m'malo.

Tiyambe ndi mmene makala amagwirira zoipa. Mchenga umasefa monga sefa ya ufa: chachikulu chimatsala, chaching'ono chimadutsa. Makala ntchito yake ndi ina. Zinthu zosungunuka m'madzi n'zazing'ono koposa, moti palibe mchenga ungazitchinge. Chimene chimachitika n'chakuti zimamatirira pakhungu la khala lililonse, monga njere za chisoso zimamatirira pa buluku la munthu wodutsa m'tchire. Akatswiri amatcha zimenezi adsorption, ndipo nzeruyi si yadzulo: Johann Tobias Lowitz anaonetsa kale mu 1785 ku St Petersburg kuti makala amachotsa mtundu m'zinthu zamadzimadzi. Popeza kumatirirako kumachitika pakhungu, mphamvu ya khala ili m'kuchuluka kwa khungu lake. Khala lopsa bwino limakhala ndi timabowo tosawerengeka m'kati mwake, ndipo khoma la kabowo kalikonse ndi malo omatirirapo. Makala a m'fakitale, otchedwa activated carbon, galamu imodzi yokha imakhala ndi khungu loposa masikweya mita 500. Ndiye kuti khungu la magalamu 15, mutati muliyale lonse pansi, lingakute bwalo la mpira.

Makala a m'thumba amene timagula ku Chisokone kapena ku Masala sanaotchedwere ntchito imeneyi. Wootcha amafuna makala olemera, okhalitsa pa mbaula, choncho uvuni wake wa dothi sutentha mokwanira, ndipo timabowo tambiri timatsala totsekeka ndi phula la mtengo. Makala osefera madzi amafuna moto waukali, wofika madigiri 800 kapena kuposa. Moto wotere umapezeka mu mgolo wachitsulo woboola pansi, wokhala ndi chumuni, umene mumayatsa pamwamba moto n'kumatsika pang'onopang'ono, utsi wake ukupsera pomwepo. Makala otuluka mmenemo mudzawadziwa: amapepuka, amalira ngati magalasi osweka mukawagwedeza, sanunkha utsi, ndipo kuda kwake kumachoka m'manja ndi madzi okha popanda sopo. Muwaphwanye afike kukula kwa njere ya nyemba kapena kucheperapo, ndipo muwatsuke mpaka fumbi lakuda litatha.

Palibe chifukwa chogwetsera mombo kapena mtondo pa ntchitoyi, pakuti nkhalango za ku Copperbelt zavutika kale ndi nkhwangwa. Zitsononkho zouma zimapsa bwino, chimodzimodzi zidutswa za paini ndi bulugamu zimene zimatsala kwa ocheka matabwa ku Ndola ndi ku Kitwe. Chimene musayerekeze kuotcha ndi mitengo yoviikidwa m'mankhwala oletsa chiswe, monga ya mipanda ndi ya magetsi. Yobiriwira ija kawirikawiri imakhala ndi mkuwa, chromium ndi arsenic, ndiye kuti mungakhale mukuthira m'madzi anu poizoni yemweyo amene mukumuthawa.

Makala opsa bwino chotere amachita zazikulu pa fungo, pa mtundu wa madzi, ndiponso pa mankhwala ophera udzu ndi tizilombo, monga atrazine amene mvula imakokolola m'minda ya chimanga. Pa zimenezi tikuwavomereza ndi mtima wonse. Pali kamangidwe kena kamene kanayesedwa m'midzi ya ku Thailand: migolo inayi ya malita 200 yolumikizidwa ndi mapaipi, woyamba wa miyala, wachiwiri wa mchenga, wachitatu wa makala, wachinayi wosungiramo madzi, ndipo imatulutsa malita pafupifupi 300 pa tsiku. Miyala ndi mchenga zimatsogola kuti matope asatseke timabowo ta makala. Madzi ayenera kuyenda mwachifatse. Othamanga sapeza mpata womatiza zoipa zake, ndipo chidebe chimodzi chokhala ndi makala odzaza manja awiri, chimene madzi amangopyola ngati pa lichero, chimakongoletsa maso chabe.

Kwa abale athu a ku Ndola vuto lalikulu nthawi zambiri si asidi wa mgodi koma zonyansa za m'zimbudzi, zimene zimalowa mumtsinje wa Kafubu ndi m'zitsime zosazama za m'makomboni nthawi ya mvula. Apa tinene mosabisa: makala sapha tizilombo toyambitsa matenda. Mwinanso sefa yakale, yonyowa usana ndi usiku, imasanduka nyumba yake. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inatenga miyoyo yoposa 700 m'dziko lathu, ndipo mdani wake ndi kuwiritsa madzi kapena kuthira Clorin. Dongosolo lake likhale ili: kusefa poyamba, Clorin pambuyo. Mukatembenuza, makala adzameza mankhwalawo monga amamezera fungo, madzi n'kutsala opanda chitetezo.

Chammwamba chili ndi mbiri yakeyake. Amayi a m'mbali mwa Nile ku Sudan akhala akudikhitsa madzi ovunduka ndi njere zake kuyambira kale, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester pamodzi ndi a ku Polytechnic ya ku Blantyre anaziyesa pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo, m'Malawi, m'malo mwa mankhwala a alum ogula kunja. Madzi a matope a m'nyengo ya mvula anayera bwino. Chinsinsi chili m'kati mwa njere, mmene muli chinthu chokoka tinthu ta dothi toyandama kuti tiunjikane, tilemere, timire. Njere imodzi yokhwima, yochotsa khungu ndi kusinja, imakwanira pafupifupi lita imodzi ya madzi ovunduka. Ufawo muusungunule m'kapu ya madzi oyera, muthire m'ndowa, mutakase mwamphamvu kanthawi, kenako pang'onopang'ono kwa mphindi 5 kapena 10, ndipo musiye kwa ola limodzi kapena awiri musanatsanulire apamwamba m'chotengera china. Tizilombo tambiri timamira pamodzi ndi matope, koma si tonse, choncho kuwiritsa kapena Clorin zikufunikabe. Ndipo madzi otere musawasunge masiku ambiri, chifukwa ufa wotsalira umayamba kuwola. Ena m'mipingo yathu amakonda kunena kuti umenewu ndiwo mtengo umene Mose anaponya m'madzi owawa ku Mara. Buku la Eksodo silitchula dzina la mtengowo, ndipo ife sitingakulangizeni kuponya chammwamba m'madzi a asidi n'kumayembekeza kuti azizira.

Tafika pa nkhani yovuta, ya zitsulo zosungunuka: mkuwa, cobalt, manganese, mtovu, cadmium ndi arsenic. Apa ndi pamene anthu amanyengeka kwambiri, chifukwa maso ndi lilime sizithandiza. Mkuwa ukachuluka umamveka m'kamwa ndipo umasiya zipsera zobiriwira m'chidebe, koma mtovu ulibe mtundu, ulibe fungo, ulibe kukoma. Bungwe la World Health Organization limaika malire a mkuwa m'madzi akumwa pa mamiligalamu 2 pa lita, pamene a mtovu ndi a arsenic ali pa 0.01, ndiko kuti kucheperapo ka 200. Kuti mumvetse kuchepa kwake, galamu imodzi ya mtovu ndi yokwanira kufikitsa pa malire amenewa madzi a m'migolo 500 ya malita 200. Mtovu umapweteka kwambiri ubongo wa mwana wamng'ono ndi wa mwana amene ali m'mimba, ndipo umagwira ntchito yake mwakachetechete kwa zaka. Kuwiritsa sikuchotsa zitsulo. Nthunzi ikamachoka, zitsulozo zimatsala m'madzi ochepa, zili zochuluka koposa poyamba.

Zoona, makala a zitsononkho, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga ndi utuchi zaonetsa m'malabotale ambiri padziko lapansi kuti zimagwira mkuwa ndi mtovu. Koma tiziona mmene mayesowo amachitikira. Katswiri amatenga madzi oyera, amathiramo chitsulo chimodzi chimene wachiyeza, amakonza asidi wa madziwo kuti akhale pamlingo woyenera, amathira ufa wosalala wa makala, n'kugwedeza botolo kwa maola. Madzi a mumtsinje sali otero. Ali ndi zitsulo zambiri pamodzi, zolimbirana malo omwewo, ali ndi matope, ndipo amasintha mvula ikagwa. Ndiponso mukamva kuti chinthu chimachotsa magawo 90 pa 100 alionse, funsani kuti poyamba zinalimo zochuluka bwanji. Madzi amene anali ndi miligalamu imodzi ya mtovu pa lita, mukachotsa magawo 90, amatsala ndi 0.1, ndipo apyolabe malire kakhumi.

Mdani wamkulu wa makala ndi asidi. Ukali wa asidi timauyeza ndi muyeso wa pH, womwe uja timayezera nthaka: 7 ali pakatikati, kutsika pansi ndi asidi, ndipo sitepe iliyonse yotsika ikutanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Madzi akumwa amayenera kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.5. M'madzi a asidi wambiri, tinthu ta asidiyo timakhala pamalo omwe aja amene mkuwa ndi mtovu zikanamatirira, monga basi yofika pa siteji itadzaza kale. Choopsa koposa n'chakuti asidi amamatula ngakhale zimene zinamatirira kale. M'malabotale ndiye amene amatsukira makala akafuna kubweza zitsulo. Ndiye ganizirani sefa imene yakhala ikusonkhanitsa mkuwa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku limene madzi a asidi adzafika, idzasanza zonsezo nthawi imodzi m'ndowa yanu, ndipo madzi otuluka adzaipa kuposa olowa.

Ichi ndicho chifukwa chake boma linathira laimu mu Kafue, osati makala. Laimu amapha asidi, ndipo asidi akafa zitsulo zambiri zimaleka kusungunuka, zimasanduka matope n'kumira. Pakhomo dongosolo ndi lomwelo: laimu wa kumunda poyamba, uja timathira m'nthaka yathu ya asidi ndi m'maiwe a nsomba, kenako kudikira kuti madzi adikhe, kutsanulira apamwamba, ndipo pamapeto pake sefa. Laimu wamoyo, wootcha khungu ndi maso, musamugwiritse ntchito popanda mlangizi. Komabe ngakhale njira imeneyi ili ndi malire. Mkuwa umamira msanga, koma manganese amafuna pH yokwera kuposa imene laimu wa kumunda angafikitse. Arsenic samatirira bwino pa makala wamba, ndipo mchere wa sulphate, umene umachuluka m'madzi a m'migodi n'kumatsegula m'mimba anthu ndi ziweto, umangodutsa osaima. Pa chifukwa chimenechi tikunena motsimikiza kuti madzi a mtsinje kapena chitsime chimene chinalowa zotayika za mgodi si akumwa, ngakhale mutawathira laimu ndi kuwasefa, pokhapokha atayezedwa ku labotale. Tikumbukirenso kuti zimene laimu anamiza sizinachoke mumtsinje. Zagona m'matope a pansi ndi a m'mbali. Musakumbe dothi la pamenepo kukathira mu nazale kapena m'mabedi a ndiwo, ngakhale litaoneka lachonde bwanji.

Pa zinthu zonse zotsika mtengo, chimene chimagwira zitsulo mwamphamvu ndi makala a mafupa a ng'ombe. Fupa lili ndi calcium ndi phosphate, ndipo mtovu ukakumana nazo umamangika zolimba. Dayosizi ya Katolika ya Nakuru ku Kenya inayamba mu 1998 kuotcha mafupa ndi kupanga masefa ochotsera fluoride, mchere umene umadetsa mano ndi kupinda mafupa a anthu a m'chigwa cha Rift Valley. Ntchito ya mpingo imeneyo ikutiphunzitsa zambiri, makamaka chifukwa sinathere pa uvuni: inali ndi labotale yoyeza madzi ndi yoyeza makalawo, kuti adziwe pamene akhuta. Kuotcha kwake n'kovuta. Mafupa osapsa bwino amanunkhitsa madzi, ndipo opsa mopitirira mpaka kuyera amakhala atataya mphamvu. Abwino ndi otuwa.

Mawu akuti kukhuta tawabwereza dala. Malo omatirirapo ali ndi chiwerengero chake, ndipo akatha sefa sichenjeza. Madzi amatulukabe oyera, akukomabe, koma zoipa zikudutsa zonse. Choncho lembani pa mgolo tsiku limene munaikamo makala, ndipo muwasinthe nthawi yake isanakwane, osati fungo likabwerera. Sefa yochotsa fungo ndi mankhwala a kumunda, ya kamangidwe ka migolo inayi, makala ake amasinthidwa chaka chilichonse. Pa zitsulo palibe kalendala yodalirika, chifukwa zimatengera kuchuluka kwake m'madzi anu, ndipo chongakuuzeni zoona ndi kuyeza.

Nanga kudimba? Tiwerengere pamodzi. Lima imodzi ndi masikweya mita 2,500. M'nyengo yotentha ya Seputembala ndi Okutobala ndiwo zamasamba zimafuna madzi osachepera mamilimita 5 pa tsiku, ndiye kuti malita 12,500. Migolo inayi ija imatulutsa 300. Mungafunike masefa otere oposa 40, ndi mulu wa makala woti palibe munda wa chimanga ungakupatseni zitsononkho zake. Kunena zoona, sefa ya makala ndi ya madzi a m'khitchini, si ya mthirira. Mlimi wa kudimba chitetezo chake chili kwina: kusankha gwero la madzi losiyana ndi mtsinje wodetsedwa, kuyeza pH asanayatse pampu, kukumba kadziwe kodikhitsiramo madzi asanafike m'mabedi, ndi kuthira laimu ndi manyowa m'nthaka, pakuti mbewu zimamwa zitsulo kwambiri m'nthaka ya asidi. Repu, chayinizi ndi ndiwo zina zamasamba zimasunga zitsulo kuposa mbewu zimene timadya zipatso kapena njere zake, choncho pamalo okayikitsa ndizo zoyamba kuzichotsa. A maiwe a nsomba asamale koposa, chifukwa mkuwa wochepa, umene munthu sangaumve n'komwe, umapha nsomba. Mwa ziweto, nkhosa ndizo sizipirira mkuwa.

Pa madzi akumwa pali gwero limene timalinyoza pomwe lili pamutu pathu. Kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,200 pa chaka, ndipo denga la malata la masikweya mita 50 lingalandire malita 60,000. Mvula yoyamba muileke itsuke denga, chifukwa fumbi la m'migodi ndi la m'misewu limakhala pamenepo m'chilimwe chonse. Madzi amenewa ndiwo oyenera sefa ya mchenga ndi makala: ali ndi zoipa zochepa, ndipo sefa imakhalitsa.

Patsala nkhani imene ikutikhudza ife makamaka, chifukwa pano timaphunzitsa kuti makala a zitsononkho, osakaniza ndi manyowa, amakonza nthaka, ndiponso kuti pa munda palibe chotaya. Chiphunzitso chimenecho sichikhudza makala ochokera mu sefa ya madzi okhala ndi zitsulo. Zitsulo siziwola. Makala okhuta mukawathira m'bedi la repu, nthaka yathu ya asidi idzamatula zimene anagwira, mizu idzamwa, ndipo zimene munazichotsa m'kapu zidzabwerera m'mbale. Musawaike pa mbaula, chifukwa zina zimauluka ndi utsi m'nyumba, zina zimatsala m'phulusa limene mawa mudzathira m'munda kapena kuchezera chidulo cha therere. Musawapatse nkhumba kapena nkhuku monga ena amachitira ndi makala wamba. Chimodzimodzi matope otsala pansi pa mgolo wa laimu, ndi namasupuni wa m'madzi odetsedwa, amene amamwa zitsulo kwambiri: si wa kompositi, si chakudya cha ziweto. Zonsezi muzisakanize ndi simenti pomanga silabu ya chimbudzi kapena maziko a khola, kuti zimangike mmenemo. Ngati simenti palibe, kumbani dzenje pamalo okwera a dothi la makande, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, muwaze laimu pansi ndi pamwamba, mukwirire, ndipo muikepo chizindikiro kuti wina asadzabzalepo nthochi.

Timapepala toyezera pH n'totsika mtengo, ndipo gulu lililonse la alimi a m'mbali mwa Mwambashi, Kafue ndi Kafubu liyenera kukhala nato. Madzi akatsika pansi pa 6, kapena mukaona nsomba zakufa ndi mtundu wachilendo, tsekani sefa, zimitsani pampu, ndipo mudziwitse a ZEMA, amene ali ndi ofesi ku Ndola. Koma pH yabwino sikutanthauza kuti zitsulo mulibe. Zimenezo zimafuna labotale, monga ya Zambia Bureau of Standards kapena ya makampani a madzi a Nkana ndi Kafubu, ndipo mtengo wake umapepuka mabanja angapo akasonkha. Tengani mabotolo awiri apulasitiki oyera, muwatsuke katatu ndi madzi omwe mukufuna kuyeza, limodzi mudzaze ndi madzi asanalowe mu sefa, linalo ndi otuluka, ndipo mulembe malo ndi tsiku pa lililonse. Mukafika, tchulani mayina a zimene mukufuna kuti ayeze: mkuwa, cobalt, manganese, mtovu, cadmium, arsenic ndi sulphate. Mukangoti ayeze madzi, mwina adzangoyang'ana tizilombo tokha. Kuyeza kumeneku kuchitike kawiri, kamodzi m'chilimwe madzi atachepa, kenanso mvula yoyamba ikagwa ndi kuvundula matope a pansi pa mtsinje.